M-Pesa inandithandiza kukhazikika mumzinda wa Nairobi

Chibwerereni kuno ku Salima kudzapuma, makolo angapo amene ana awo akufuna kukaphunzira kunja akhala akundifunsa za moyo wa ku Nairobi, likulu la dziko la Kenya, kumene ndikuchita maphunziro a payunivesite, ndipo mafunso awo ambiri ndi okhudza kuzizira, chakudya ndi akuba. Ine ndimawayankha kuti chimene chinandichirikiza m'masabata oyamba ndi M-Pesa, njira yosungira ndi kulipirira ndalama pafoni imene kampani ya Safaricom inayambitsa m'chaka cha 2007. Ndaigwiritsa ntchito kwa chaka chathunthu, choncho ndikhoza kufotokoza ubwino wake komanso pamene mphamvu zake zimathera.

Kwathu kuno tili ndi Airtel Money ndi Mpamba, koma ambiri a ife timangolandirirapo ndalama, n'kupita kwa ejenti pa Kamuzu Road kukatapa, zotsala zonse n'kumagula ndi ndalama za m'manja. Ku Nairobi, mzinda umene kalembera wa 2019 anapeza kuti uli ndi anthu pafupifupi 4.4 miliyoni, ndalama zikhoza kukhala m'foni mwezi wonse munthu osagwira pepala ngakhale limodzi. Ndinalembetsa nambala yanga pabwalo la ndege la Jomo Kenyatta tsiku lomwe ndinafika, ndipo anangofuna pasipoti, pamene kutsegula akaunti ya kubanki kunadikira mpaka zikalata zondiloleza kukhala m'dzikomo ngati wophunzira zitatuluka. M'masiku odikirawo, lendi, chakudya ndi maulendo zonse zinadutsa pafoni.

Phindu lake lalikulu ndinaliona pa nkhani ya chilankhulo. Ndinafika ndisakudziwa Chiswahili, ndipo m'maminibasi amene iwo amati matatu, kondakitala amalankhula mothamanga moti mlendo amachita manyazi kufunsa kawiri. Ndikanakhala ndi ndalama za m'manja, ndikanavutika kuwerenga mashiling'i osazolowereka ndi kulimbana za chenji pakati pa anthu othinana, koma apa kondakitala amangokupatsa nambala, iwe n'kutumiza ndalama yeniyeni ya ulendowo n'kumuonetsa uthenga. N'chimodzimodzinso kwa amayi ogulitsa ndiwo m'mbali mwa msewu, amene ambiri ali ndi chikwama cha bizinesi chotchedwa Pochi la Biashara. Kwa mmodzi wa iwo ndi kumene ndinayamba kugula masamba a sukuma wiki ndi tinsomba totchedwa omena, tofanana ndi usipa wathu ngakhale kuti kakomedwe kake sikafika pa usipa wa ku Senga Bay, ndipo chifukwa dzina langa limaoneka pafoni yawo ndikalipira, mayiwo anayamba kundilonjera ponditchula dzina sabata isanathe. Kwa munthu amene anasiya abale ake onse kunyanja, kumva dzina lake likutchulidwa pamsika wachilendo n'chinthu chotonthoza mtima kwambiri.

Masitolo amakhala ndi nambala yolipirirapo katundu yotchedwa Till, ndipo kawirikawiri wogula sadulidwa kanthu polipira, pamene lendi ndi mabilu zimadutsa pa nambala ina yotchedwa Paybill. Mayunitsi a magetsi ndimagula pa Paybill 888880 monga momwe timagulira a ESCOM kuno. Uthenga umene umabwera ukalipira ndi lisiti lokwanira, ndipo unandipulumutsa mwezi wina pamene woyang'anira nyumba imene ndimachita lendi ananena kuti sindinalipire, ine n'kungomuonetsa tsiku, nthawi ndi nambala ya malipirowo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndimayamikiranso kuti usanatsimikize kutumiza, foni imakuonetsa dzina la wolandira, ndipo ukalakwitsa nambala ukhoza kutumiza uthengawo ku 456 kupempha kuti ndalamazo zibwezedwe.

Komabe wophunzira ayenera kudziwa kuti kutumizira munthu ndalama zopitirira mashiling'i 100 komanso kutapa kwa ejenti kuli ndi mtengo wake, ndipo timalipiro timeneti tikaunjikana pamwezi timakwana chakudya cha masiku angapo. Palinso ngongole yotchedwa Fuliza, imene inayamba mu 2019, yomwe imakumalizira kulipira ndalama zikakuperewera ndipo imabwezedwa ndi chiwongoladzanja ndalama zina zikangolowa. Kwa wamalonda ingakhale yothandiza, koma kwa wophunzira amene akudikira thandizo lochokera kumudzi losadziwika tsiku lofika, ine ndimalangiza kuti asaiyambe n'komwe. Akathyali otumiza mauthenga abodza onena kuti akutumizira ndalama molakwitsa aliko monga alili kuno, ndipo chitetezo chake n'kuona kaye ndalama zimene zili m'foni usanabweze kalikonse.

Pali vuto limodzi limene M-Pesa singalithetse, ndipo ndi limene makolo a ku Salima ayenera kuliganizira mofatsa. Njira imeneyi imayamba kugwira ntchito ndalama zikafika ku Kenya, koma kuti zichoke kuno pamafunika ndalama zakunja zimene zakhala zikusowa m'dziko muno, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wophunzitsa mwana kunja unakwera kwa banja lililonse lodalira kwacha. Mayi anga amayamba kukonzekera zotumiza kudakali milungu ingapo, atanyamula kalata ya kuyunivesite ndi mapepala a fizi, ndipo nthawi zina amakwera minibasi mpaka ku Lilongwe kukatsatira pempho lawo. Chifukwa cha ichi, aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti anyamule ndalama zokwanira miyezi iwiri yoyamba, alembetse nambala asanatuluke pabwalo la ndege, ndipo akangosintha ndalamazo kukhala mashiling'i aike gawo lalikulu m'foni tsiku lomwelo.