Ndege yopanda injini: zomwe ndaona ku kalabu komwe mwana wanga akuphunzira kuuluka

Amayi anzanga a kuno ku UK akhala akundifunsa za kalabu ya ma glider (ndege zopanda injini) komwe chitsikana changa chimapita Loweruka, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Ili kumudzi ndithu kuno ku Midlands, chigawo chapakati cha England, basi safikako, opanda galimoto muvutika.

Poyamba ndinakana. Ndege yopanda injini?? Agogo ake titawauza pa WhatsApp anangoti "kodi limenelo si lichero?" ndiye mwana atawonjezera kuti amakwera mafiti 1,000 zinthu zinafika poipa, mpaka ndinachita kulongosola kuti mafiti ake ndi oyezera aja, mamita ngati 300 basi.

Kanyamukidwe kake ndi kamene kanandiumitsa mkamwa. Kumapeto kwa bwalo kuli chimashini chotchedwa winchi, chimakulunga chingwe chachitali mwaliwiro, ndege imangothamanga pang'ono pa udzu kenako yaloza kumwamba ngati kaiti, timasekondi towerengeka yafika pamwamba, chingwe chimamasuka n'kutsika ndi kaparashuti kake. Kulinso njira yokokedwa ndi ndege ina ya injini mpaka mafiti 2,000 koma imeneyo ndi yodula, ana ambiri amakwera ya winchi. Amaphunzirira pa glider yotchedwa ASK 21, ya ku Germany, mipando iwiri, mwana kutsogolo mphunzitsi kumbuyo, aliyense ali ndi ndodo yowongolera ndipo onse amavala parashuti. Wanga ndi wowonda ndiye amachita kumuikira zitsulo zolemera kuti sikelo ikwane, zimamunyansa koopsa.

Chomwe sindinkadziwa n'choti ndegeyo imatha kukwera yokha. Mukukumbukira akabawi kwathu mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amangozungulira m'mwamba osakupiza mapiko koma akukwerabe? Nzeru yake ndi yomweyo. Nthaka ikatentha mpweya wofunda umakwera, pamwamba pake nthawi zambiri pamakhala timitambo toyera tangati thonje, ndiye woyendetsa akaupeza amazunguliramo, muli kachipangizo kamalira pi pi pi kusonyeza kuti mukukwera. Tsiku labwino amatha mphindi 30 kapena kuposa. Tsiku loipa mphindi 5 watera. Pano mwanayu tikamapita ku sitolo ya Tesco amangoyang'ana kumwamba n'kumandiuza mtambo uti "ukugwira ntchito", ine n'kumangoti chabwino mayi.

Aphunzitsi ndiwapatsa ulemu wawo. Ndi ongodzipereka, salipidwa, ambiri ndi azigogo opuma pantchito. Amene amamuphunzitsa kawirikawiri sakalipa koma salekereranso, cheke ya ndege isananyamuke (mndandanda wa zinthu zoyenera kuona ngati zili bwino) mwana amaitchula mokweza yonse, akadumpha chimodzi ayambirenso. Amaphunzitsanso zochita chingwe chikaduka pakati pa ulendo, amachita kuchimasula dala osamuuza. Tsiku lomwe ndinaona zimenezo ndili pansi miyendo inazizira, iye anatsika akuseka.

Tsono zondinyansa. Musaganize kuti mukamusiya ola limodzi ngati ku swimming. Kumeneko ndi tsiku lonse, kufika m'mawa kutulutsa ndege mu shedi, kukankha, kugwira phiko, kulemba nthawi yonyamuka ndi yotera, kenako kudikira dzina lako pa mndandanda. Ana amagwira ntchito ngati aganyu, n'chifukwa chakenso mtengo wa ana uli wotsika, umalipira ndi thukuta. Ine zimenezo sindidandaula, kunyumba mbale satsuka koma uko amakankha ndege mosangalala. Chondipweteka ndi nyengo ya dziko lino komanso kusalongosoka kwa mauthenga awo. Kawiri konse ndasinthitsa shifiti, kuthira petulo, kufika uko n'kumva kuti mitambo yatsika kwambiri lero sitiuluka, meseji anaitumiza tili kale pamsewu. Kantini yawo nayonso ndi tiyi ndi masangweji ozizira basi, tengani fulasiki ndi kamba wanu, jekete yokhuthala ngakhale mu Juni chifukwa pabwalo mphepo yake si yamasewera. Chimbudzi chili kutali ndi ponyamukira.

China, akuda tinalipo ife tokha, ndipo atsikana ndi ochepa. Palibe anatiyang'ana moipa ayi, koma masabata oyamba ndinkangokhala m'galimoto ngati mlendo pamaliro a eni, mpaka mayi wina anabwera kudzandikoka kuti ndizithandiza kulemba log, buku la nthawi yonyamuka ndi yotera ija.

Amene thumba lavuta yesani ma Air Cadets, gulu la achinyamata la asilikali a ndege a kuno, amalandira ana kuyambira zaka 12 kapena 13 ndipo nawonso ali ndi ma glider awo otchedwa Viking, kungoti kumeneko kuli yunifomu ndi perete, wanga anakaniratu.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4, imodzi ndachotsera mameseji ochedwa aja. Malamulo a kuno amalola mwana kuuluka yekha pa glider ali ndi zaka 14, pomwe galimoto mpaka 17, ndiye aphunzitsi akuti akapitiriza chonchi chilimwe chikubwerachi amusiya yekha. Fomu yovomereza ili pa firiji sabata yachitatu tsopano, bambo ake anasaina kale, ine cholembera chikumasowa.