Batire la Axio yanga patatha miyezi khumi, ndi nkhani ya voltage yokwera n'kutsika

Mu Ogasiti chaka chatha ndinasintha batire la Toyota Axio yanga. Sabata yomweyo ndinagula kamita kobaya pa soketi ya ndudu, ndipo ndi komwe kanandibweretsera nkhawa: injini ikulira, kankaonetsa 14.3V, kenako pa msewu wa M1 n'kutsika kufika 12.7V, ndikamatsetsereka n'kukweranso. Anzanga angapo anati alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira) yatha, ndigule ina isanaphe batire latsopanolo. Panopa tadutsa kutentha kwa Okutobala, tadutsa dzinja lonse, tili m'chisanu cha Juni. Batire ndi lomwelo, alternator ndi yomweyo, ndipo m'mawa galimoto imalira ndikangokhudza kiyi.

Batire lakale linabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, lolembedwa 46B24L. Manambalawa ali ndi ntchito. 46 ndi mlingo wa mphamvu yake, B ndi m'lifupi ndi msinkhu, 24 ndi kutalika kwake m'masentimita, ndipo L akusonyeza mbali yomwe kuli mutu wa negetivu. Ndinatenga 55B24L, saizi yomweyo koma lamphamvu pang'ono. Wogulitsa ku Old Town, mu Lilongwe, ankandikopa nditenge lalikulu, koma batire losakwana pa thireyi yake silimangika bwino, ndipo ndi maenje a misewu yathu ya m'malokeshoni, logwedera silikhalitsa. Ndisanalipire ndinapempha aliyeze pamaso panga. Linaonetsa 12.6V, kutanthauza lodzaza. Akakupatsani loonetsa 12.2V dziwani kuti lili theka, lakhalitsa pa shelefu, ndipo mukugula chinthu chomwe chayamba kale kukalamba.

Za voltage ija ndinapita nazo kwa bambo wina wokonza zamagetsi a galimoto ku Biwi. Kamita kanga sanakayang'ane n'komwe. Anatsegula boneti, n'kugunditsa multimeter yake (mita yoyezera magetsi) pa mitu ya batire penipeni, kenako anati, "Abwana, tayatsani magetsi akutsogolo ndi fani yonse." Nditayatsa, nambala inakwera kufika 14.2V n'kukhazikika pomwepo. Alternator yofooka ikanachita zosiyana, ikanagwa chifukwa cha katundu amene ndaisenzetsa.

Anandifotokozera kuti magalimoto ambiri a ku Japan a zaka zimenezi satchaja mofanana nthawi zonse ngati akale aja. Kompyuta ya injini imaona mmene batire lilili, ndipo likadzaza imachepetsa ntchito ya alternator pofuna kupulumutsa mafuta, makamaka mukamaponda moto. Mukachotsa phazi kapena kuponda buleki, imatchaja mwamphamvu. Choncho 12.7V pa msewu wautali masana si matenda. Ndayenda nayo choncho miyezi yonseyi, ndipo kachitidwe kake sikanasinthe.

Vuto lenileni analipeza kwina. Waya wa earth, wochokera ku mutu wa negetivu wa batire, pomwe wamangidwa ku thupi la galimoto, unali ndi dzimbiri pansi pa bauti. Atayeza pakati pa mutu wa negetivu ndi injini ine ndikuliza, panali kutayika pafupifupi 0.5V, pomwe waya wabwino suyenera kupitirira 0.2V kapena 0.3V. Anamasula, n'kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, n'kupaka girizi pamwamba atamanga. Ntchito yosafika theka la ola. Sitata inayamba kuzungulira mopepuka tsiku lomwelo. Ndimaganiza za anthu angati amene agula alternator, ndi mmene mitengo ya masipeya yakwerera chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pomwe vuto linali bauti imodzi.

Sindikunena kuti nambala iliyonse muilekerere. Ikamapitirira 15V, regulator (kachipangizo koletsa alternator kutchaja mopyola muyezo) yawonongeka ndipo batire likuphikidwa. Mumamva fungo ngati la mazira owola, mababu amapsa pafupipafupi, batire limatupa m'mbali. Ikamakhala pansi pa 13V magetsi onse ali oyaka ndipo siikwera ngakhale muponde moto, kapena kanyali ka batire kakayaka pa dashibodi, yang'anani lamba kaye ngati sanakhwefuke, kenako alternator. Ndipo chonde, makaniko akafuna kuzula waya wa batire injini ikulira ati ayeze ngati ikutchaja, mukanizeni. Pa galimoto ya kompyuta mchitidwe umenewu ungathe kuotcha ma diode a alternator kapena kompyutayo. Multimeter imayankha funso lomwelo popanda kuononga kanthu.

Chomwe chalizunza batireli si alternator ayi, ndi kayendedwe ka mu Lilongwe. Kuchoka ku Area 47 kupita ku City Centre ndi ulendo waufupi, nthawi zambiri wam'chithinithini cha magalimoto, moti batire silibwezeredwa mokwanira zomwe sitata yadya m'mawa. Choipitsitsa ndi mizere ya mafuta. Uliza, usuntha pang'ono, uzimitsa, wailesi ili yoyaka, foni ili pa tchaja, kenako ulizanso. Tsiku lina nditachezera pa mzere mpaka usiku, m'mawa mwake batire linali pa 12.1V. Galimoto inalira ndithu, koma batire la asidi likamakhala lotsika chonchi masiku ambiri, mapuleti ake amamera sulphate wouma ndipo mphamvu yotayikayo siibwereranso yonse. Kuyambira pamenepo pa mzere ndimazimitsa chilichonse, foni ndimatchajira pa power bank. Ndinagulanso tchaja yaing'ono ya pakhomo, yodzizimitsa yokha batire likadzaza, ndipo kamodzi pa mwezi, magetsi a ESCOM akakhalapo, ndimalilumikiza usiku. Ulendo wa ku Salima kapena ku Dedza umathandiza, koma tchajayo ndiyo imalifikitsa podzaza penipeni.

Anthu amadandaula chisanu, koma kuno chomwe chimadya batire ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pansi pa boneti. Chisanu cha Juni chimangoulula batire lomwe dzuwa linalifooketsa kale. N'chifukwa chake ndinadikira mwezi uno ndisanalembe.

Pali ziwiri zomwe sizinandisangalatse. M'nyengo ya mvula mutu wa pozitivu unamera ufa woyera wobiriwirako. Ndinautsuka ndi madzi ofunda osakaniza soda wophikira, n'kupaka girizi, ndipo sunabwererenso, komabe pa batire latsopano sindinayembekezere zimenezo. China ndi kadiso kobiriwira ka pamwamba. Kamaona selo imodzi yokha mwa zisanu ndi imodzi za m'batiremo, moti kankaoneka kobiriwira ngakhale tsiku la 12.1V lija. Musakakhulupirire.

Kwa a Demio ya i-stop ndi Nissan Note zozimitsa injini zokha pa maloboti, zanga musazitengere zonse. Magalimoto amenewo amafuna batire la mtundu wa EFB, lopangidwira kuliza injini pafupipafupi, ambiri lolembedwa Q-85, ndipo wamba ngati langali limatha msanga mmenemo ngakhale likwane pa thireyi.

Sabata ino, galimoto itagona usiku wonse, batire laonetsa 12.5V. Poliza limatsika kufika 10.4V kwa kanthawi n'kubwerera, zomwe zili pamwamba pa 9.6V yomwe amagetsi amaitenga ngati malire poyeza ndi katundu. Ndingaligulenso. Lisiti ya waranti ndaisunga m'galimoto momwemo, ndipo kutentha kusanayambe ndidzapita nalo ku Biwi akaliyeze ndi load tester, chipangizo choyeza batire molisenzetsa katundu.