Batire lanji la glider, nanga kubwalo tizitchajira pati?

Anthu atatu tsopano andifunsa funso limodzimodzi, ndipo achimwene ena a ku Randburg anachita kundiimbira usiku, ndalama zili kale m'manja. Akufuna kudziwa kuti mu glider yawo yoyamba, ndege yaing'ono youlutsa ndi rimoti, aikemo batire lanji, nanga kubwalo kopanda soketi kuja azitchajira pati. Ndaona kuti bola ndilembe kamodzi. Kuno ku Johannesburg ine ndimakonza mageti a magetsi ndi ma alamu a m'nyumba, ndiye mabatire sachoka m'manja mwanga. Koma za mabatire a ndege sindinaphunzirire kuntchito. Ndinaphunzira tsiku limene ndinkatola zidutswa za mapiko m'udzu.

Tiyambe tasiyanitsa ntchito ziwiri, chifukwa ambiri amazisakaniza. Pali batire lozungulitsa mota, ndiye palinso lopatsa moto receiver, imene imalandira malamulo a rimoti, ndi ma servo, timamota timene timawongolera ndege. La mota likatha, glider ilibe nazo kanthu, inapangidwira kuuluka popanda injini ndipo imatera bwinobwino. La receiver likangophethira, ngakhale masekondi awiri, rimoti ili m'manja mwanuyo yasanduka thabwa. Chodabwitsa n'choti anthu amathira ndalama ku batire la mota, la receiver n'kutolera lililonse. Inenso ndinatero.

Glider yanga yoyamba yaikulu inali ya mapiko a mamita atatu. Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito kwa mdala wina wa kubwalo kwathu amene maso anali atayamba kumuvuta, ndipo ndinalipira pang'onopang'ono miyezi inayi. Inali ndi ma servo sikisi, anayi m'mapiko, awiri kumchira. Batire lake linali lakale, ndiye ndinalowa m'tauni n'kugula pa kashopu kena paketi ya batire la mtundu wa NiMH ya maselo anayi a AA, pachikutiro atalembapo mlingo wa 3000 mAh m'zilembo zagolide. Mtengo wake unali theka la amene ankagulitsa kushopu ya ndege. Ndinatuluka ndikuona ngati ndatola.

Linali Lamlungu la mu July, udzu utayera ndi chisanu, zala zosamva. Ndegeyo inakwera bwino, ndinapeza mpweya wotentha pamwamba pa malo amene anali atapsa ndi moto, ndikuzungulira limodzi ndi mbalame kwa mphindi ngati makumi awiri. Pobwera kudzatera ndinakoka mabuleki. Amene simunaulutsepo glider yaikulu, mabuleki ake amagwira chonchi: pa tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko, ma flap amatsika pansi kwambiri, ma aileron n'kukwera m'mwamba, ma servo anayi kulimbana ndi mphepo nthawi imodzi, wa kumchira nayenso akuwongolera mphuno. Pa ulendo wonse palibe pamene ndege imakoka moto wambiri kuposa pamenepa, ndipo zimachitika ili pafupi ndi nthaka. Ma flap anatsika theka n'kuima. Ndinapinda ndodo ya rimoti, ziii. Ndege inapendekeka, nsonga ya phiko inakhudza pansi, yonse n'kugubuduka. Mphuno inasweka, phiko lakumanzere linathyokera pakati, magiya a ma servo awiri anagumuka mano.

Nditafika kunyumba ndinayeza batire lija, ndipo apa ndi pamene panandiwawa kwambiri. Pa mita linkaonetsa kupitirira mavolti 5, ngati labwinobwino. Nditalilumikiza ku babu la galimoto kuti likoke moto, nambala inagwa mpaka pansi pa 4 ndikuyang'ana. Receiver ya 2.4 GHz moto ukatsika kufika cha m'ma 3.5 imazima n'kuyambiranso, ndipo nthawi yoyambiransoyo ndi imene inandidyera ndege. Nditalitchaja n'kulikhetsa pa tchaja kuti ndione mlingo wake weniweni, silinafike ndi 1000 mAh yomwe. Chikomekome cha mkuyu chenicheni. Selo la AA la NiMH loona silipitirira kwenikweni 2800 mAh, ndiye mukaona 3000 kapena kuposa, wolembayo wanama musanatsegule n'komwe paketi. Komanso ngakhale maselo oona a nambala zikuluzikuluwo si abwino m'ndege: amadzithera okha akangokhala, ndipo sapereka moto wambiri mwadzidzidzi, makamaka kukazizira. Ndinabwerera kukashopu kaja, anandiuza kuti batire likatsegulidwa salandiranso. Mpaka lero sindidutsa msewu umenewo.

Ngakhale zinatero, NiMH sindinaitaye. Imene ndimaikhulupirira ndi Eneloop yoyera ija, imene kampani ya Sanyo inatulutsa mu 2005 ndipo pano ili m'manja mwa Panasonic. Ya AA imalonjeza cha m'ma 2000 mAh basi, koma imene yalonjezayo imaperekadi, ndipo mukaitchaja n'kuisiya miyezi mumaipeza ikadali ndi moto. Maselo anayi amapereka mavolti 4.8, amene servo iliyonse yakale imalandira popanda china choonjezera. Anthu amadandaula kuti ndi yolemera, koma glider imafuna kale kulemera kumphuno kuti ikhazikike, ndiye ine bola ndinyamule batire kusiyana n'kunyamula mtovu. Chonde musaike maselo m'kabokosi ka masipuling'i kaja ka zidole. Gulani paketi yowotcherera, kapena mupemphe wodziwa akulumikizireni, ndipo nthawi ndi nthawi muzisenda pang'ono waya wa negative kuona ngati sanade mkati, chifukwa waya wakuda amathetheka ngati udzu. Vuto la NiMH kubwalo ndi kutchaja. Tchaja imadziwa kuti batire ladzaza poona katsikidwe kakang'ono ka mavolti, ndipo nthawi zina imanamizidwa n'kuima batire lisanadzaze. Likadzazadi limafunda pang'ono. Ikalira patangotha mphindi khumi batire lili lozizira, musaikhulupirire.

LiFe, mtundu wa batire la lithium, ndi imene ili m'ndege zanga ziwiri zazikulu panopa. Maselo awiri amapereka mavolti 6.6, sagwa mukakoka mabuleki, ndi opepuka, amadzaza m'kati mwa ola limodzi, ndipo sayaka moto msanga poyerekeza ndi LiPo, mtundu winanso wa lithium. Koma ili ndi ndalama zobisika zimene wogulitsa satchula. Ikangochoka pa tchaja imakhala pa 7.2, pamene ma servo ambiri akale analembedwa 4.8 mpaka 6. Ndiye mwina mugule regulator yotsitsa mavolti, chimene ndi chinthu chinanso chotha kufa m'mwamba, kapena musinthe ma servo onse sikisi muike olandira mavolti okwera. Werengerani zimenezo musanasangalale ndi mtengo wa batire. China choopsa n'chakuti LiFe siuza munthu kuti yatopa. Kaya yatsala ndi theka kaya yatsala pang'ono kutha, mita imaonetsa pafupifupi chimodzimodzi, kenako imangogwa kamodzi. Ine ndili ndi kabuku m'bokosi la zida. Ndikauluka ndimalemba mphindi, ndikatchaja ndimalemba mAh imene yalowa, ndipo pano ndikudziwa kuti ndege iliyonse imadya bwanji pa ola. Ndikafika theka la batire ndimatera, ngakhale kumwamba kukukoma bwanji.

Ku mota kulibe mpikisano, ndi LiPo basi. Amene akukonzekera F5J, mpikisano wa ma glider a mota, akudziwa kuti mota imaloledwa masekondi 30 okha pokwera, kenako ndi iwe ndi mphepo, ndiye sipafunika batire lalikulu. La maselo atatu la pakati pa 650 ndi 1300 mAh limakwanira ndege zambiri, bola likhale lotha kutulutsa moto wambiri nthawi yochepa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopyapyala, pulopela sigwira bwino, ndiye ambiri timaika yokulirapo. Mukatsikira nayo ku Durban osasintha, pulopela yomweyo idzakoka moto wochuluka ndipo batire ndi ESC, kachipangizo koyendetsa mota, zidzatentha. Ambiri amadyetsanso receiver kuchokera pa batire lomweli kudzera pa BEC, kachipangizo kotsitsa mavolti ka mu ESC. Pa ndege yaing'ono ya thovu palibe vuto. Pa ndege imene mwalipira miyezi inayi, ine sindingalole kuti ESC ikapsa ipite limodzi ndi chiwongolero.

LiPo ndimaigwiritsa ntchito koma sindiikonda. Imafuna kusamalidwa ngati khanda: selo lililonse lisapitirire 4.2, lisatsike kufika pa 3, likamasungidwa likhale pa 3.8, potchaja pakhale waya wa balance, wolinganiza maselo, nthawi zonse. Chaka cha 2023, magetsi akuzima mosinthana tsiku ndi tsiku, ambiri tinazolowera kudzaza chilichonse magetsi akangoyaka. Mabatire odzazawo ankakhala sabata, mwina ziwiri mvula ikatilepheretsa, ndipo atatu anga anafufuma ngati mandasi. Lofufuma musaliboole, musaliulutsenso. Musalisiyenso m'galimoto yotseka padzuwa la December. Ndipo m'miyezi youma, pamene udzu wa kuno umayaka ndi kanthu kakang'ono, tchajirani pa dothi lopanda udzu kapena pa njerwa. Malo ambiri amene timaulutsira ndi obwereka, moto umodzi wokha tonse tathamangitsidwa.

Maselo a lithium a 18650 ndi abwino mu rimoti, koma oona amathera cha m'ma 3500 mAh, ndiye olembedwa 9900 aja muwasiye pomwepo. NiCd nthawi yake inapita.

Tsopano potchajira. Njira imene aliyense amayamba nayo ndi kutsegula boneti n'kukanikiza mawaya pa batire la galimoto. Imagwira ntchito, sindikana. Koma batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke moto wambiri masekondi ochepa poliza injini, kenako alternator ibwezeretse. Kulikama pang'onopang'ono tsiku lonse kumalipha msanga. Alamu anga anatinyamula tsiku lina anthu anayi, aliyense ndi tchaja yake pa batire limodzi lomwelo, lomwe linali kale lokalamba. Dzuwa likulowa, kiyi kupotokola, galimoto kungoti tcha tcha tcha. Inali ya otomatiki, yosakankha. Tinadikira mpaka mdima pa malo opanda nyumba pafupi, ndipo aliyense wokhala ku Joni akudziwa mmene mtima umagundira pa nthawi ngati imeneyo uli ndi katundu wodula m'galimoto. Ngati palibe njira ina, lowani mu tchaja yanu mukweze malire a moto wolowa kuti izidzizimitsa batire la galimoto likatsika kufika cha m'ma 12, ndipo LiPo musaigoneke pa injini. Mawaya akhale aatali, batire litchajidwire pansi.

Njira yotchipa ndi kabatire ka geti ka 12V 7Ah, kamene kuno kamapezeka paliponse. Masamu ake ndi awa. Kali ndi 84 Wh, koma ka mtovu ukakakhetsa kupitirira theka sikakhalitsa, ndiye zako ndi 42. LiPo ya maselo atatu ya 1300 mAh ndi 14 Wh ndi pang'ono. Kuchotsapo zotayika mu tchaja, mudzadzaza awiri, lachitatu movutikira. Popeza glider simaliza batire pa ulendo umodzi, kwa munthu mmodzi kamakwanira m'mawa wonse. Koma musatole kamene kachotsedwa pa geti. Ine ndimachotsa timeneti sabata iliyonse, ndipo ndimatichotsa chifukwa tafa.

Chimene ndimanyamula ine ndi kabatire ka msinkhu womwewo koma ka lithium, ka LiFePO4 ka 12.8V, kamene kanachuluka m'mashopu nthawi ya kuzimazima kwa magetsi. Kamapepuka kuposa theka la ka mtovu, ndipo pafupifupi 90 Wh yonseyo mukhoza kuigwiritsa ntchito. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo muyang'ane kuti BMS yake, kachipangizo kokateteza ka m'kati mwake, imalola ma ampu angati, chifukwa tina timadula moto tchaja ikakoka kwambiri, LiPo yanu n'kutsala panjira. Musakatchaje kakagona panja usiku wa chisanu, kadikireni kafunde kaye. Power station ya m'nyumba ngati muli nayo kale itengeni, koma tchaja muilumikize pa 12V, osati pa soketi ya 230, chifukwa kusintha moto kawiri kumangotaya mphamvu. Kugula yatsopano chifukwa cha glider yokha ndi kuwononga ndalama. Sola ndi yabwino kudzaza batire lalikululo, koma osailumikiza mwachindunji ku tchaja, mtambo ukadutsa tchaja imazima.

Ndiye achimwene a ku Randburg, yanu ya mamita awiri ija ili ndi ma servo akale anayi. Ikanimo Eneloop zinayi zowotcherera, mugule ma LiPo awiri a mota m'malo mwa limodzi lalikulu, ndipo zotchajira kubwalo musavutike nazo chaka chino, tidzagawana langa. Mulembetsenso ku SAMAA, bungwe la oulutsa ndege za rimoti kuno ku South Africa, musanaulutse, chifukwa umembala wake uli ndi inshulansi ngati ndege itagwera chinthu cha mwini. Lamlungu mubwere ndi paketi imene munagula kale ija, ndidzatenga babu ndi mita, tiiyeze musanaiike m'ndege.