Ngongole yanyumba ya kubanki ku Mzuzu: ikomera ndani, ndipo nyumba imapita bwanji

Mabanki akuluakulu onse ali ndi nthambi mumzinda wa Mzuzu, ndipo angapo amapereka ngongole yogulira kapena kumangira nyumba, nyumbayo n'kukhala chikole. Ambiri amayamba kuganizira NBS Bank, poti idachokera ku New Building Society. Koma lamulo la chikole cha malo ndi limodzi, choncho pano tikuunika ngongoleyi payokha, osati banki imodzi.

Maganizo athu ndi akuti ngongoleyi ndi yabwino kwa munthu wamalipiro okhazikika, amene ali ndi zikalata zenizeni za malo, ndipo akufuna kuibweza m'zaka zochepa. Kwa ena onse ndi yolemera kuposa momwe imamvekera pakauntala.

Khomo loyamba ndi zikalata. Banki imafuna title deed, chikalata chotsimikizira umwini wa malo, kawirikawiri lizi yolembedwa m'kaundula wa malo. Poloti ya ku Mchengautuwa kapena ku Masasa yogulidwa ndi kalata ya amfumu yokha silowa, ngakhale nyumbayo ikhale ya njerwa zootcha ndi malata atsopano. Ngati lizi ilipo, loya amafufuza m'kaundula ku ofesi ya za malo kuti aone ngati dzina ndi lanudi komanso ngati palibe chikole china kapena chenjezo lomwe wina adalembetsa. Pamafunikanso chilolezo cha mwini nthaka, kaya ndi boma, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation, ndipo chimachedwa ngati muli ndi ngongole ya lendi ya malo kapena msonkho wa kukhonsolo. Malipiro a loya, a katswiri woyeza mtengo wa nyumba, a kaundula ndi inshuwalansi ya moto, zonsezi zimatuluka m'thumba mwanu. Banki nayo sipereka mtengo wonse wa nyumba.

Chiwongoladzanja ndiye chopweteka. Sichikhazikika, chimatsatira momwe Reserve Bank of Malawi yasunthira mlingo wake wa chiwongoladzanja, umene udafika pa 26 peresenti mu February 2024. Tiyerekeze mwatenga K30 miliyoni pa 25 peresenti kwa zaka 15. Pamwezi muzilipira pafupifupi K640,000, koma mwezi woyamba K625,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Ngongole yeniyeniyo yangotsika ndi ndalama zosakwana K16,000. Pomaliza mudzakhala mutapereka ndalama zoposa K115 miliyoni. N'chifukwa chake munthu amene wabweza mokhulupirika zaka 4 amadabwa kuona ngongole ili pafupifupi pomwe idayambira. Musanasayine, funsani ngati mgwirizano ukulola kuponyamo ndalama zoonjezera popanda chindapusa. Pa mlingo wotere, ndalama yoponyedwa m'zaka zoyamba imachepetsa kwambiri chiwongoladzanja.

Chomwe sichifotokozedwa mokwanira potsatsa ngongoleyi ndi zochitika mukalephera kubweza. Pa malo olembedwa pansi pa Registered Land Act, lamulo la kaundula wa malo, nyumba imakhalabe m'dzina lanu. Banki imangolembetsa chikole chake m'kaundula. Gawo 68 la lamuloli limati mukaphonya kulipira ndipo papita mwezi umodzi, banki ikhoza kukulemberani kalata yochenjeza. Mukapanda kukonza zinthu m'miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe kalatayo yaperekedwa mwalamulo, banki ili ndi mphamvu yoika munthu wotolera lendi ya nyumbayo kapena kuigulitsa. Sikofunika kuti bankiyo iyambe yakasuma kukhothi kuti ipeze mphamvu imeneyi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusira, akudikira samani yomwe sibwera.

Miyezi 3 imeneyi imatayika mosavuta. Kalata imapita ku keyala yomwe mudalemba pa fomu, ndipo kuno ambiri amalemba bokosi la kuntchito. Ntchito ikatha, chomwe nthawi zambiri chimakhala chifukwa cholepherera kubweza, kalata imakagona m'bokosi la abwana akale masiku akuwerengedwa. Mukasintha keyala, dziwitsani banki polemba kalata, ndipo sungani kope lodindidwa.

Pogulitsa, lamulo limafuna kuti banki ichite mwachilungamo ndi kuganiziranso zofuna za mwini nyumba. Komabe ogula a pa okushoni amabwera kudzafuna zotchipa, ndipo Mzuzu ilibe ogula ambiri a ndalama zapamanja ngati Lilongwe kapena Blantyre. Ndalama zikapezeka, amayamba achotsa zolipirira kugulitsako, kenako ngongole ndi chiwongoladzanja chake, kenako zikole zina ngati zilipo. Zotsala ndi zanu, muzifunse. Zikaperewera, musaganize kuti ngongole yafa pamodzi ndi nyumba.

Nyumba isanagulitsidwe, ufulu woiwombola mukadali nawo. Ngati mwaona kuti simukwanitsa, pitani kubanki kalata isanabwere mukapemphe kuti atalikitse nthawi, kapena akuloleni mupeze wogula nokha. Nyumba ya ku Katoto kapena ku Chimaliro yogulitsidwa mosathamanga imabweretsa zambiri kuposa ya pa okushoni. Chiletso cha ku High Court ya ku Mzuzu chimathandiza ngati banki idalumpha kalata yochenjeza kapena idawerengera molakwika. Kungonena kuti zinthu zavuta sikokwanira, ndipo mlandu uli mkati chiwongoladzanja chimakhala chikukwerabe. Amene sangathe kulipira loya akafunse ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi mumzindawu.

Zonsezi zimagweranso amene amabwereketsa title deed kwa m'bale wake kuti atengere ngongole ya bizinesi. Alamu anu akalephera, yogulitsidwa ndi nyumba yanu, ngakhale simudalawe tambala.

Mukamaliza kubweza, musangolandira zikalata n'kumapita. Banki isayine chikalata chomasula chikole, ndipo chikalembetsedwe ku ofesi ya za malo. Kupanda kutero, m'kaundula nyumbayo imaonekabe kuti ili pa ngongole, ndipo zimadzavuta pogulitsa kapena pogawa chuma chamasiye.