Njinga zopanda mabuleki ku Possilpark

Abale anga kumudziko, tikamacheza pa WhatsApp nkhani imathera pa mpira nthawi zonse. Uyu akufunsa ngati Celtic ndinakaionerako, uyo akufuna jezi ya Arsenal, ngati kuti London ili kuseri kwa nyumba yanga. Lero ndiulule. Chaka chonse cha 2023 sindinapondeko pa bwalo la mpira kuno ku Glasgow. Tindalama tanga tosangalalira tinathera pa masewero amene ambiri a inu simunawamveko n'dzina lomwe, otchedwa speedway, mpikisano wa njinga zamoto zopanda mabuleki.

Mng'ono wanga wa kabaza ku Lilongwe nditamuuza anafa nalo phwete. "Achimwene, zopanda mabuleki? Nanga chachilendo n'chiyani? Bwerani pa siteji pathu mudzaonere zaulere."

Anandikokera kumeneko ndi madala ena oyandikana nawo nyumba, mbadwa ya konkuno, amene anakalambira pa umakaniko. Maso awo anayamba kuvuta, ndiye ankafuna munthu wowalembera mapointi m'kabuku kamene amagulitsa pa geti. Ndi mwambo wa anthu a masewerowa: munthu amabwera ndi cholembera ndi kathabwa kotsamiritsira pepala, n'kumalemba zotsatira zonse ali chiimire, nkhope ili ndwii ngati mwana wa sukulu pa mayeso. Ine ndinavomera chifukwa cha ulemu basi. Ndinali nditangoweruka ku ntchito yanga yosamalira okalamba, msana ukuwawa, ndipo mtengo wolowera unali pafupifupi malipiro anga a maola awiri.

Bwalo lake ndi Ashfield, ku Possilpark, kumpoto kwa mzinda. Si dera la anthu a ndalama, ndipo odzaona malo safikako. Timu ya Glasgow Tigers yakhala ikuthamangira pamenepa kuyambira 1999. Njira yothamangiramo ndi yozungulira ngati dzira, mamita 300 ndi pang'ono, yothiridwa dothi lofiirira la timiyala topera, lofanana ndi msewu wa kumudzi umene giredala yangodutsamo. Chokulandira choyamba ndi fungo. Njingazi sizimwa petulo, zimamwa methanol, ndipo utsi wake umakanirira mu jekete mpaka Lolemba.

Njingayo ukaiona ili chiimire umaiderera. Ndi yowonda, injini ya 500cc ya silinda imodzi, giya imodzi yokha, yopanda buleki, yopanda nyali, yopanda galasi. Kuti ilire amachita kuikankha ngati minibasi yakufa batire. Anyamata anayi amandanda kuseri kwa matepi opingasa njira, awiri a timu ya pakhomo atavala zisoti zofiira ndi zabuluu, awiri achilendo zoyera ndi zachikasu. Woimbira akakweza matepi aja, phokoso lake limakulowa m'chifuwa. Zimene zimachitika pa kona yoyamba ndinaziona kokwana mazana chaka chimenecho koma mpaka lero mtima umadumphabe. Munthu wanzeru akafika pa kona amachepetsa moto. Awa amawonjezera, kuti tayala la kumbuyo literereke, njinga n'kuyenda chammbali, phazi lamanzere limene amalivalika nsapato ya chitsulo likukwekwereza pansi, dothi likuthovokera kwa ife oonerera. Buleki yawo ndi kutererekako. Amazungulira kanayi, ndipo mphindi imodzi isanakwane bwino zatha.

Kuwerenga kwake n'kosavuta. Woyamba amapeza mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza amabwerera chimanjamanja. Mpikisano umodzi wotere amautcha heat, ndipo usiku umodzi amathamanga ma heat 15, timu iliyonse ili ndi anthu asanu ndi awiri. Anyamata anu awiri akatsogola onse, ndiye 5-1, bwalo lonse limaimirira. Pakati pa ma heat pamalowa thirakitala kusalaza dothi, nthawi zina ndi galimoto yothira madzi, ndipo anthu amadikira moleza mtima akudya tchipisi. Ukawerengera bwino, usiku wonse wa maola awiri kuthamanga kwenikweni ndi kwa mphindi 15 zokha. Nditawauza madala aja zimenezi anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Ligi imene Tigers imasewera ndi yachiwiri, SGB Championship. Yoyamba ndi Premiership. Chaka chimenecho munali matimu asanu ndi anayi: Glasgow, Edinburgh, Berwick, Redcar, Scunthorpe, Birmingham, Oxford, Poole ndi Plymouth. Ine ndinkaganiza za kwathu, kumene nthawi imeneyo timu ya m'chigawo ikapambana inkalowa mu Super League, ndiye ndinafunsa ngati tikatenga chikho tikwera. Madala anapukusa mutu. Kuno kukwera kapena kutsika si nkhani ya mapointi, ndi nkhani ya thumba. Timu imasankha ligi imene ingaikwanitse. Poole, imene inatenga chikho cha ligi yaikulu kambirimbiri, inatsika yokha mwakufuna kwake itatha nyengo ya 2019. Workington inapambana ligi yachiwiriyi mu 2018, koma chaka chotsatira sinathamange n'komwe chifukwa ndalama zinasowa. Newcastle inatseka pakati pa nyengo mu 2022. Anthu a pa bwalo amatchula mayina a matimu amene anatha ngati mmene ife timatchulira abale amene anatisiya.

Chimene chinandigwira n'kumabwererako Lachisanu lililonse pamene shifiti yalola si liwiro ayi. Ndi anyamata okwera njingawo. Kumudziko tikamva kuti munthu ndi katswiri wa masewero ku Ulaya timaona nyumba ya nsanjika ndi galimoto zisanu. Awa ndi aganyu, abale anga, aganyu enieni. Njinga ndi zawo, amagula okha. Injini ikafuna kukonzedwa amalipira okha, makaniko amamulipira okha, vani yonyamulira katundu ndi yawo. Malipiro awo ambiri amachokera pa mapointi amene apeza usiku umenewo. Ukamaliza wachinayi kanayi, wagwira ntchito yaulere, mafuta a ulendo n'kutayanso. Ukathyoka phewa, ndiye kuti masabata amenewo mphika suphikidwa. Mvula ikagwa mpikisano n'kulephereka, wayenda ulendo wonsewo pachabe.

Ndiye kuti zinthu ziyende, munthu mmodzi amagwira m'matimu angapo. Ambiri amathamanga ligi zonse ziwiri za kuno, Premiership Lolemba kapena Lachinayi, Championship masiku enawo. Amene ali ndi mwayi amaulukanso kupita ku Sweden Lachiwiri, ku Denmark Lachitatu, ku Poland Lamlungu, kumene kuli ndalama zenizeni za speedway ndiponso mabwalo odzaza ngati a mpira. Katswiri wathu wamkulu chaka chimenecho anali Chris Harris, amene aliyense amangomuti Bomber. Ndi munthu wa ku Cornwall, kunsonga ya kummwera kwa England, anabadwa mu 1982, anapambana British Grand Prix ku Cardiff mu 2007, ndipo wakhalapo katswiri wa Britain katatu. Munthu wa mbiri yotere, zaka 40, ankathamangira ife ku Glasgow uku akuthamangiranso Leicester mu ligi yaikulu, makilomita pafupifupi 500 pakati pake. Ndipo sankathamanga ngati wongofuna malipiro. Akachedwa ponyamuka, ankapita kunja kwenikweni kwa njira, pafupi ndi mpanda pamene dothi launjikana, n'kumasakasaka mpata mpaka pa mzere womaliza.

Usiku wina mpikisano utatha ndinaona mmodzi wa anyamata achilendo akukweza njinga mu vani, matope ali mbuu kumaso, sangweji ili kukamwa, foni ili pakhutu, akufunsa za msewu wopita ku bwalo la ndege. Ndinamuzindikira munthu ameneyo. Inenso sabata imeneyo ndinali nditagwira masana ku nyumba ya okalamba, usiku awiri ku ganyu ya ejensi kumbali ina ya mzinda, ndikugona m'basi pakati pake, kuti ndalama ya fizi ndi ya feteleza ifike kumudziko pa nthawi yake. Iyenso mwina kwawo amamuona ngati bwana. Palinso mwambo wina umene unandiseketsa: timu ikasowa munthu chifukwa wavulala, imabwereka wa timu ina kwa usiku umodzi, amati guest. Amene anakugonjetsani sabata yatha, lero wavala malaya anu ndipo mukumuombera m'manja. Ku ntchito kwathu timawatcha a ejensi.

Za chidani ndi Edinburgh Monarchs sindichita kukufotokozerani kwambiri, mukuchidziwa kale. Tigers imavala zofiira ndi zoyera, Monarchs zabuluu ndi zagolide. Maule ndi Manoma basi. Ine wa Bullets chibadwire sindinavutike kusankha mbali. Monarchs dzina ndi la Edinburgh koma imathamangira ku Armadale, katauni ka pakati pa mizinda iwiriyi, pa kanjira kakang'ono ka makona othina kamene alendo ambiri amakadandaula. Tinapitako kamodzi pa galimoto ya mwana wa madala aja. Kunyozana kulipo ndithu, koma chodabwitsa n'chakuti onse amaima malo amodzi, agogo ndi tidzukulu tawo titavala zotseka m'makutu, popanda wapolisi wowalekanitsa.

Nyengo imayamba kukadali kozizira, kumapeto kwa March kapena mu April, n'kutha mu October. Pakati pake pali masiku a June amene dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, moti mpikisano wonse umatha kukadali kowala, fumbi likuoneka lofiira m'mwamba. Mdani wamkulu ndi mvula, ndipo ku Scotland mvula si mlendo. Dothi lija likanyowa kwambiri limasanduka phala, wotsogola yekha ndiye amaona njira, otsalawo matope ali phaa pa magalasi. Tsiku lina ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, n'kumulonjeza kuti ndidzamugwirira Lamlungu, ndinakwera mabasi awiri, ndikufika pa geti pomwe mvula inakhuthuka. Anaimitsa zonse. Lamlungu lija ndinagwirabe.

Ngozi ndinaziona zingapo, koma imodzi sindiiwala. Anyamata awiri anakolana pa kona, mmodzi anauluka n'kukamenya mpanda. Masiku ano m'makona amaikamo mpanda wopopa mpweya ngati matiresi, umene wapulumutsa ambiri, komabe munthu anagona osagwedezeka. Magetsi ofiira anayaka, injini zonse zinazima, bwalo lonse linangoti zii, kumveka ambulasi yokha ikuyenda pang'onopang'ono pa dothi. Patapita kanthawi anadzuka, akutsimphina, anthu a mbali zonse n'kuomba m'manja. Ma heat awiri atadutsa ndinaona chisoti chake pa matepi. Madala anangoti, "Akapanda kukwera sadya." Usiku umenewo ndinamuimbira mng'ono wanga uja kumufunsa ngati chisoti chimene ndinamutumizira amavala kapena chimangokhala pa chiwongolero. Anati chimatentha.

Kumapeto kwa nyengo matimu apamwamba amapikisana mwapadera, ndipo awiri otsala amakumana kawiri, kwanu ndi kwawo, mapointi n'kuphatikiza. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chimene madala ankakanira kusangalala ngakhale tikupambana. Glasgow inali itatenga ligi komaliza mu 2011. Kuchokera pamenepo inafika mu fainolo mu 2015 n'kugonja kwa Edinburgh, kuwawa kwake tangoganizani, mu 2019 n'kugonja kwa Leicester, mu 2021 n'kugonja kwa Poole. Ndipo mu 2023 amene anaima pakhomo anali Poole yomweyo, imene inali itatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana. Poole ili kugombe la kummwera kwa England, makilomita oposa 700 kuchokera kuno, kuposa Blantyre ndi Mzuzu, ndiye ine ndinaonera wa pa Ashfield wokha. Sindinaonepo bwalo lija litadzaza chotero. Dzanja langa linkanjenjemera polemba mapointi, theka chifukwa cha kuzizira, ndipo madala ankandifunsa chiwerengero pakatha heat iliyonse ngakhale kuti wolengeza anali atangochinena kumene.

Mapointi a mipikisano iwiriyo ataphatikizidwa, chikho chinabwera ku Glasgow. Madala sanakuwe. Anandipempha kabuku ka fainolo kaja, m'mene munali zolemba za dzanja langa, n'kukakaika m'bokosi momwe muli timabuku tawo ta zaka makumi angapo, tina ta nthawi imene timuyi inkathamangira ku Hampden Park. Atatero anandithirira tiyi wa shuga wambiri, amati ndi mmene ife a ku Malawi timamwera, ndipo sindinawatsutse.

Mu November ndinawapeza atayala mapepala pa tebulo, galasi lokulitsira zilembo lili m'manja. Wokwera aliyense ali ndi avereji yake, yochokera pa mapointi amene amapeza, ndipo lamulo limati ma avereji a anthu asanu ndi awiri a timu imodzi akaphatikizidwa asapitirire malire amene akuluakulu a ligi aika, kuti matimu asasiyane mphamvu kwambiri. Timu imene yapambana ndiye kuti anthu ake akwera mitengo, choncho ena ayenera kuchoka, ngakhale anathandiza kubweretsa chikho. Madala ankafuna ndiwawerengere kuti otsala angakhale ndani. Ndinakhala pansi n'kutulutsa foni kuti nditsegule kakyuleta, ndipo pamwamba pake panali uthenga wa ku ntchito wonena kuti maola a mwezi wa December awasintha, ndikaone ndandanda yatsopano Lolemba. Ndinaukankhira pambali kaye. Tinayamba ndi Bomber.