Ndakawaona mathithi a Niagara ndi maso angawa

Abale anga kumudzi, mwakhala mukundifunsa ngati chifikireni kuno ku Canada ndinakaonako mathithi a Niagara. Zaka zitatu zonsezi ndinkangoti mawa, mawa, ntchito ya usiku itandimanga miyendo. Loweruka lapitali ndinapita. Kuchokera ku Toronto ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, ndipo tinayenda pa basi.

Mathithiwa mumayamba kuwamva musanawaone. Mkokomo wake sumathera m'makutu, umagunda m'chifuwa ngati ng'oma yaikulu. Nditafika pa Table Rock, pamphepete penipeni pa phompho, ndinagwira chitsulo cha mpanda ndi manja onse awiri. Madzi amabwera obiriwira, osalala bwinobwino, kenako pansi pamangowathera. Amagwa mamita 57 pa phompho lopindika ngati chitsulo cha kuphazi kwa hatchi, n'chifukwa chake mbali imeneyi amaitcha Horseshoe. Kumene akugwerako sikuoneka, ndi nkhungu yokhayokha, mbuu, utawaleza uli chiimire pakati pake.

Kenako tinakwera bwato. Amakupatsani chovala cha pulasitiki chofiira, pomwe okwerera tsidya la America (poti mathithiwa ali m'malire a Canada ndi America) amavala cha buluu. Musachidalire. Bwato likalowa m'kati mwa mpindikowo, madzi amakumenyani kuchokera kumwamba, m'mbali, ngakhale pansi, maso osatseguka. Mayi wina wachikulire amene anaima pafupi nane anangondigwira dzanja, chonsecho sitidziwana, chinenero chake sindichimva. Tonse tinkakuwa, koma mawu a munthu sanamveke ngakhale amodzi.

Chimene chakana kuchoka m'mutu mwanga ndi ichi: madzi onse aja si mtsinje wonse ayi. Mtsinje wa Niagara umatunga madzi m'nyanja ya Erie n'kukawathira m'nyanja ya Ontario, koma mu 1950 Canada ndi America anapangana kagawidwe kake. M'nyengo ya alendo, kuyambira Epulo mpaka Okutobala, masana pa mathithi pamayenera kudutsa madzi osachepera makyubiki mita 2,800 pa sekondi iliyonse (kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000). Usiku ndi m'nyengo yozizira amaloledwa kusiyapo theka lake basi. Otsalawo amawapatutsa kumtunda, n'kuwadutsitsa m'ngalande kuti akapukuse makina opanga magetsi. Mu 1969 akatswiri a asilikali a America anachita kutsekeratu mathithi a mbali yawo kwa miyezi ingapo kuti aunike miyala yake.

Ndiye kuti zimene zinandigwedeza mawondo zija ndi gawo chabe. Nzeru zimenezi ndazigomera, sindikana, komabe mtima unandiwawa. Ndinalakalaka atausiya mtsinjewo tsiku limodzi lokha kuti ugwe wonse monga unkagwera kale.

Ndinakhalabe pampanda paja mpaka mdima, atayatsa nyali za mitundumitundu zowalitsa madzi, zovala zili chinyowere. Amayi, kanema ndakutumizirani pa WhatsApp. Muuze ana akweze mawu mpaka kumapeto musanayambe kuonera.