Kagalimoto kachitsulo, ka resin kapena komanga wekha: funsani kaye ngati boneti imatseguka

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa kuti pa timagalimoto toika pa shelefu ta muscle car (galimoto za ku America za injini zazikulu zamphamvu) agule titi. Ndiyankha pano kamodzi, koma ndiyambira pamene ndinapsa ine.

Chaka chatha ndinaitanitsa pa intaneti ka Dodge Charger ka 1969, ka sikelo ya 1:18 (kutanthauza kuti galimoto yeniyeni ndi yaitali ka 18 kuposa iko), kwa wogulitsa wina wakunja. Pachithunzi penti yake inkawala ngati yanyowa. Katafika ndinalowetsa chikhadabo m'mphepete mwa boneti kuti ndione injini. Osasuntha. Chitseko nachonso gwa! Nditabwerera pa malonda aja ndinapeza timawu tating'ono pansi penipeni, tonena kuti kagalimotoko n'ka resin (mtundu wa pulasitiki yolimba youmbidwa m'chikombole), kotsekeratu. Chimene ndinkayesa chitseko ndi mzere wongojambula.

Pa galimoto ya mtundu wina ndikanapirira, koma osati pa muscle car. Galimoto zimenezi zinabadwira pansi pa boneti. Mu 1964 a Pontiac, John DeLorean ali m'gulumo, anatenga Tempest, galimoto wamba yapakatikati, n'kuikamo chiinjini cha V8 cha 389 cubic inches, n'kuitcha GTO. Anyamata a ku America anaikhamukira, ndipo makampani ena sanafune kutsalira. Plymouth inatulutsa Road Runner mu 1968, Dodge ndi Plymouth ankaika injini ya 426 Hemi kwa wofuna, ndipo pofika 1970 Chevrolet Chevelle SS 454 yamphamvu kwambiri inkalembedwa 450 horsepower. Kenako inshuwalansi inakwera, malamulo a utsi anakhwima, mafuta anavuta mu 1973, mpikisano n'kuzilala. Nkhani yonseyo inali ya injini. Ndiye Charger yosaonetsa injini ili ngati ng'oma yopanda chikopa: thunthu lilipo, koma uvina chiyani?

Ndisanyoze resin mopitirira. Mizere yake ndi yakuthwa kuposa yachitsulo, ndipo galimoto zosowa zimene opanga ena sazilabadira umazipeza kumeneko. Koma n'todula, ndiponso kakagwa kamasweka ngati mbale yadothi.

Chinandiwawa koposa ndi ndalama yotumizira. Charger yeniyeni ndi yaitali mamita 5 ndi pang'ono, choncho pa 1:18 imakhala pafupifupi masentimita 29. Kagalimoto kosachedwa kusweka amakakutira m'chibokosi chodzaza thovu, chibokosicho n'kuchiikanso m'katoni ina. Onyamula katundu pa ndege amaona kulemera kwenikweni ndi kukula kwa katoni, n'kukulipiritsa chimene chakula pa ziwirizo. Ine ndinalipirira mpweya. Msonkho wapakasitomu nawo suwerengedwa pa mtengo wa katundu wokha, umaphatikiza ndi ndalama yotumizira ija. Musanadine batani logula, funsani wogulitsa miyeso ya katoni.

Tachitsulo ta 1:18 ndi tomwe ndimaikira kumbuyo, ndipo sindibisa. Pa tambiri boneti, zitseko ndi buti zimatseguka, chiwongolero chimakhotetsa matayala, ndipo ukakanyamula dzanja limamva. Pa makampani opanga, Maisto ndi yotsika mtengo, yabwino poyambira, ngakhale injini yake ilibe tinthu tambiri. Auto World ndi ACME amapita patali, pa ena mpaka timawaya ta mapulagi timaoneka. Mipata ya zitseko ndi yaikulu kuposa pa galimoto yeniyeni, zimenezo muzivomereze. Choopsa ndi pogula takale. Chitsulo chake n'chosakaniza, mbali yaikulu ndi zinki, ndipo ngati pochisungunula munalowa mtovu, pakapita zaka chimatupa, kung'aluka n'kuyamba kuyoyoka. Palibe mankhwala. Pemphani zithunzi za pansi ndi za mahinjesi, ndipo mukaona penti ili ndi timatuza ngati zidzolo, kasiyeni.

Ta 1:64 ndi totchipa, ndipo khumi timakwana m'kabokosi kamodzi. Hot Wheels inayamba mu 1968 ndi timagalimoto 16, kuphatikizapo Custom Camaro, tokhala ndi mzere wofiira pa matayala. Charger pa sikelo imeneyi ndi masentimita 8 basi. Tambiri ta Hot Wheels ndi zidole, matayala okokomeza, sikelo yongoyerekeza. Koma pa mulu wa zidole za pakaunjika ndinapezapo ka Mustang kokalika denga, ndipo kufufuza koteroko kumakoma mwa iko kokha.

Tomanga wekha ta pulasitiki, ta 1:25, ta AMT, MPC ndi Revell, timakupatsa injini yathunthu chifukwa umaimanga ndiwe. Amene tinakula tikupinda galimoto zamawaya manja amatiyabwa tikaona bokosi lotere. Vuto ndi penti ndi guluu: zitini zopopera onyamula pa ndege ambiri sazilola, ndiye muyambe mwadziwa kumene mudzazipeze.

Kwa anzanga atatu aja: gulani kachitsulo kamodzi ka 1:18 ka galimoto imene mumaikondadi, tina tonse tikhale ta 1:64. Ka resin kanga kaja kali kumbuyo kwa shelefu, ndipo mlendo aliyense akakatola amayamba ndi kukanda boneti.